Kuika difu yolimba pa pikiapu pakhomo: mafunso ndi mayankho

Pikiapu za kuno ku Salima sizipuma. M'mawa zasenza madengu a usipa ku Senga Bay, masana matumba a mpunga ku Lifuwu, madzulo zili pa matola mu msewu wa M5 kulowera ku Benga ndi ku Nkhotakota. Chimene chimayamba kudandaula ndi kumbuyo: bering'i kulira, oyilo kutuluka m'dilamu, shafiti kuthyoka. Mwini galimoto akatopa nazo amayamba kuganiza zoikapo difu ya galimoto yaikulu. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene ndimamva kawirikawiri pa ntchito yanga ya umakaniko, ndipo ndikamati difu ndikunena chitsulo chonse cha kumbuyo, kuchokera ku wilo lina kufika ku linzake.

Difu yolimba imasiyana bwanji ndi imene ili pa galimoto yanga?

Pikiapu zambiri za tani imodzi, monga Toyota Hilux, Nissan Hardbody ndi Isuzu KB, zili ndi difu ya mtundu wa semi-floating. Apa shafiti imagwira ntchito ziwiri nthawi imodzi: kuzunguza wilo komanso kusenza katundu. Wilo limamangidwa pa shafiti penipeni, ndipo mbali iliyonse ili ndi bering'i imodzi yokha. Shafiti ikathyokera kunja kwa bering'i, kapena bering'i ikamwazika, wilo limatha kusolokera kunja pamodzi ndi dilamu yake galimoto ili pa liwiro.

Difu ya full-floating, ngati ya Land Cruiser 79 ndi ya malole, inapangidwa mwina. Habu imakhala pa mabering'i awiri amene agona pa chubu cha difuyo, ndiye kulemera konse kumapita m'chubu. Shafiti ntchito yake n'kuzunguza basi. Ikathyoka wilo limakhalabe pamalo pake, ndipo mutha kuisolola osachotsa tayala. Mudzaizindikira ndi habu yotulukira kunja pakati pa rimu, yozunguliridwa ndi timanati ting'onoting'ono. Magiya a mkati nawonso ndi aakulu: crown wheel, giya yaikulu yozunguza mashafiti, pa Hilux zambiri ndi ya mainchesi 8, ya kumbuyo kwa Land Cruiser ndi ya mainchesi 9.5.

Ndikaika difu yaikulu, ndiyamba kunyamula matumba 40 m'malo mwa 20?

Ayi. Ngati cholinga chanu ndi chimenechi, ndalamazo sungani.

Matumba 20 a makilogalamu 50 ndi tani imodzi yathunthu, ndipo apo sitinawerengere dalaivala, kondakitala, tayala la sipeya ndi zitsulo za kanopi. Pikiapu ya tani imodzi yafika kale pa malire ake. Malire amenewa sanaikidwe poyang'ana difu yokha. Anayang'ananso chesisi, masipuling'i, mabuleki ndi matayala, ndipo zonsezi zimatsala momwe zinalili mukasintha difu. Zili ngati njinga ya kabaza: mutha kuika wilo la masipoko okhuthala, koma felemu ndi yomwe ija, ndipo ndi imene idzathyoke.

Chesisi ya pikiapu imakonda kung'aluka kuseri kwa kabu ndi pamene pagwira mahang'ala a masipuling'i, makamaka katundu akamaunjikidwa kumapeto kwa bodi, kuseri kwa mawilo. Difu yofooka imachenjeza, imalira masiku angapo isanafe. Chesisi sichenjeza kawirikawiri, mumangoona mpata wa pakati pa kabu ndi bodi wasintha.

Yang'ananinso tayala lanu m'mbali. Lolembedwa 195R14C 106/104 limaloledwa makilogalamu 950 likakhala lokha mbali imodzi, ndiye awiri a kumbuyo ndi makilogalamu 1,900, kuphatikizapo kulemera kwa galimoto yeniyeniyo. Nambala 112 imatanthauza makilogalamu 1,120, nambala 121 ndi 1,450. Ndi kutentha kwa phula la kuno mu Okutobala ndi Novembala, tayala lolemedwa silichedwa kuphulika.

Phindu la difu yolimba ndi lakuti katundu yemweyo amene galimoto inaloledwa muzimunyamula m'misewu yokumbika popanda kugona panjira mwezi ndi mwezi. Phindu limeneli si laling'ono kwa munthu amene nsomba zake zimawola galimoto ikafera pa Khombedza.

Bering'i ya kumbuyo ikungofa. Kodi yankho ndi difu ina?

Nthawi zambiri ayi, ndipo ndimafuna anthu ayambe afufuza chimene chikuipha. Imani kumbuyo kwa galimoto ili yopanda katundu pamalo osalala. Ngati mawilo apendekera mkati chakumwamba, ndipo matayala akudyeka m'mphepete mwa mkati, chubu chinapindika. Difu yopindika imadya bering'i iliyonse imene mungaike, ngakhale yodula bwanji. Pamenepo kusintha kulidi koyenera.

Koma ngati chubu chili chowongoka, funsani momwe bering'i inalowetsedwera. Pa Hilux bering'i imakanikizidwa pa shafiti ndi pulesi, ndipo kolala yoigwira iyenera kukhala yatsopano. Ambiri amakhomera ndi hamala ndi paipi, n'kubwezeranso kolala yakale. Bering'i yotere imafa isanayende n'komwe. Chinanso ndi madzi. Galimoto yowoloka madambo nthawi ya dzinja imamwa madzi kudzera m'kabowo kopumira ka pamwamba pa difu. Tsegulani pulagi muone oyilo: akaoneka ngati tiyi wamkaka, vuto ndi madzi, osati kuchepa mphamvu kwa difu.

Ndi difu ya galimoto yanji imene ingalowe?

Yosavuta ndi ya m'banja lomwelo, mwachitsanzo kuchotsa ya Hilux 4x4 kuika pa Hilux yaing'ono ya 4x2. Ngakhale apo pali kusiyana: Hilux zambiri za 4x2 zili ndi masitadi asanu pa mamilimita 114.3, za 4x4 zili ndi asanu ndi limodzi pa mamilimita 139.7. Marimu a kumbuyo adzasintha.

Ya Land Cruiser ndi imene ambiri amailakalaka, ndipo ndi yolimbadi, koma ili ndi zake. Mutu wa difu, momwe mumakhala magiya, suli pakati, unapatukira mbali imodzi chifukwa transfer case ya Land Cruiser, bokosi la magiya logawa mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo, imatulutsira mphamvu chambali. Pa Hilux mutu uli pakati. Mukaiika, propshaft, chitsulo chachitali chotengera mphamvu ku difu, imayenda mopingasa, imatha kunjenjemera kapena kukhudza thanki ndi ekizozi. Komanso Land Cruiser 70 za kuyambira 1999 zili ndi masitadi asanu pa mamilimita 150, pamene zakale zinali ndi asanu ndi limodzi. Kutsogolo asanu ndi limodzi, kumbuyo asanu, ndiye kuti muziyenda ndi masipeya awiri.

Ya Toyota Dyna kapena Mitsubishi Canter ine ndimakana. Ndi yolemera kwambiri kwa masipuling'i ndi mashoko a pikiapu, nthawi zambiri inapangidwira mawilo awiriawiri, ndipo magiya ake ambiri ndi a katundu, osati a liwiro. Injini imangobangula galimoto isakupita kulikonse.

Ndiyeze chiyani ndisanapite kukagula?

Ntchito yonse imapindula kapena kuwonongeka pano, musanagwire sipanala. Lowani pansi ndi tepi ndi kope, mulembe mu mamilimita.

Yambani ndi utali wa difu, kuchokera pamene rimu imagona pa dilamu mbali ina kufika pomwepo mbali inayo. Yatsopano ikakhala yaifupi, matayala amakhula masipuling'i kapena chesisi. Ikatalika kwambiri amatulukira kunja kwa bodi, ndipo galimoto ikalemedwa madigadi amacheka tayala. Kusiyana kochepa kumakonzeka ndi marimu a offset ina, kutanthauza olowa mkati kapena otulukira kunja mosiyana ndi anu. Zoika ma spacer okhuthala, zitsulo zokankhira rimu kunja, pa galimoto ya katundu sindigwirizana nazo, chifukwa zimapanikiza masitadi ndi mabering'i omwe mukufuna kuwapulumutsawo.

Kenako yezani mtunda wa pakati pa mabawuti apakati a masipuling'i awiri, kunenepa kwa chubu, ndi m'lifupi mwa sipuling'i. Onani ngati masipuling'i anu amagona pamwamba pa difu kapena pansi pake, poti zimenezi zimasintha msinkhu wa galimoto. Yezani kutalika kwa mphuno ya difu kuchokera pakati pa chubu kufika pa fulanje ya propshaft, ndi mabowo anayi a fulanjeyo. Jambulani ndi foni pamene pagwira mashoko, mapaipi a mabuleki ndi makebulo a handibuleki. Ngati galimoto yanu ili ndi ABS, yoletsa mawilo kuloka mukaponda buleki, difu yatsopano ikhale ndi malo a masensa ogwirizana ndi anu, apo ayi nyali idzayaka ndipo ABS idzasiya kugwira.

Pomaliza nyamulani rimu yanu imodzi popita kogula. Kuiveka pa difuyo kumayankha mafunso atatu nthawi imodzi: masitadi, bowo la pakati, ndi ngati dilamu ikukwana mkati. Habu ya full-floating ndi yonenepa, marimu ambiri a pikiapu salowa.

Nanga ratio ndiidziwa bwanji, ndipo ili ndi ntchito yanji?

Ratio ndi kuchuluka kwa maulendo amene propshaft imazungulira kuti mawilo azungulire kamodzi. Pa magalimoto a Toyota mumapeza kawirikawiri 4.10, 4.30, 4.56 ndi 4.88. Mutu ukakhala wotsegula, werengani mano: a crown wheel 41 ndi a pinion (giya yaing'ono yoizunguza) 10 ndi 4.10, 43 ndi 10 ndi 4.30, 41 ndi 9 ndi 4.56, 39 ndi 8 ndi 4.88.

Ukakhala wotseka, lembani ndi choko pa fulanje ndi pa dilamu imodzi. Wina agwire dilamu ya mbali inayo kuti isayende. Zunguzani yanuyo maulendo 20 mnzanu akuwerenga fulanje. Ikazungulira maulendo 41, ratio ndi 4.10. Ikakwana 43, ndi 4.30. Ngati difuyo ndi ya LSD, yosalola wilo limodzi kuzungulira palokha mosavuta, madilamu onse amayendera limodzi mbali imodzi, ndiye azunguzeni maulendo 10 okha, kawerengedwe n'komweko.

Pa galimoto ya 4x2 muli ndi ufulu wosankha. Kuchoka pa 4.10 kupita pa 4.56 kumapatsa galimoto mphamvu yonyamukira ndi yokwerera mapiri a ku Mvera popita ku Lilongwe mu M14, koma injini imazungulira mowonjezera pafupifupi 11 pa 100 iliyonse pa liwiro lomwelo, ndipo dizilo amapita wambiri pa msewu wosalala wa kunyanja. Ngati sipidomita yanu imawerenga kuchokera ku giyabokosi, idzaonetsa 100 inu mukuyenda 90.

Pa 4x4 palibe kusankha. Ratio ya kumbuyo ifanane ndendende ndi ya kutsogolo, ndi matayala a saizi imodzi. Zikasiyana, mukangolowetsa 4x4 mawilo a kutsogolo ndi a kumbuyo amalimbana, ndipo chimene chimalipira ndi transfer case kapena ma CV joint, mfundo za mashafiti a kutsogolo. Mumchenga wa kugombe mwina simungamve msanga poti matayala amaterereka, koma mukangoponda polimba chinachake chimathyoka.

Difu yogwirapo kale ntchito ndiione bwanji?

Ambiri amakagula ku Lilongwe, cha ku Biwi ndi malo ena ogulitsa zitsulo za magalimoto ophwasulidwa, ulendo wa makilomita pafupifupi 100 kuchokera ku Salima. Kubweza chinthu cholemera chonchi n'kovuta, choncho musachite manyazi kuchedwa nacho. Pemphani akhuthule oyilo pamaso panu. Pulagi ya pansi imakhala ndi maginito: utuchi wosalala wa chitsulo si vuto, koma tizidutswa tomveka m'zala ndi mano kapena bering'i. Gwedezani fulanje m'mwamba ndi m'munsi, isasewere ngakhale pang'ono. Izunguzeni pang'onopang'ono mumve ngati pali pamene ikugwira. Yang'anani chubu ngati chinawotchereredwapo kapena kutenthedwa ndi gasi pofuna kuchiwongola. Yochokera pa galimoto imene inagubuduzika kapena kugundidwa m'mbali isiyeni.

Gulani yathunthu: madilamu, mabakipuleti, makebulo a handibuleki, mapuleti a ma U-bolt, ndi kachidutswa ka propshaft ka kumapeto ngati kalipo. Tizitsulo timeneti tikasowa timakuyendetsani maulendo ambiri kuposa difu yeniyeniyo. Mutenge lisiti yolembapo galimoto imene yachokera.

Kodi n'zothekadi kuchitira pakhomo?

N'zotheka ngati muli ndi majeke awiri, masitandi achitsulo anayi, sipanala ya torque, chopukusira zitsulo, wowotcherera wodziwa ntchito yake, ndi anthu awiri kapena atatu okuthandizani. Difu yathunthu ya full-floating imapitirira makilogalamu 100, si ya munthu mmodzi.

Chimene ndimaopa kwambiri kuno ndi dothi. Mabwalo athu ambiri ndi amchenga, jeke amamira pang'onopang'ono munthu ali pansi osadziwa. Pezani pa simenti, kapena yalani matabwa okhuthala pansi pa sitandi iliyonse. Masitandi agwire chesisi kutsogolo kwa masipuling'i. Njerwa ndi mabuloko a simenti ayi, amaphwanyika mwadzidzidzi. Kumbukiraninso kuti handibuleki ndi giya zimagwira kudzera ku mawilo a kumbuyo. Mukawakweza, palibe chogwira galimoto, ndiye mawilo a kutsogolo atsekeni ndi zipika kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Ana asasewere pafupi, ngakhale nthawi imene mwapita kukadya nsima.

Usiku woti mawa muyamba, thirani mafuta ofewetsa dzimbiri pa manati onse. Galimoto zonyamula nsomba zimadontha madzi tsiku lililonse, ndipo manati a ma U-bolt amachita kumatirira. Akakana, dulani ndi chopukusira, poti simuwagwiritsanso ntchito.

Mipando ya masipuling'i sikugwirizana. Nditani?

Zimenezi zimachitika pafupifupi nthawi zonse difu ikakhala ya galimoto ina. Dulani mipando yakale mosamala osacheka chubu, musalaze, muike yatsopano yogwirizana ndi kunenepa kwa chubucho. Koma musaiwotcherere msanga.

Lowetsani difu pansi pa galimoto mipando ili yongokhazika, mumange ma U-bolt pang'ono, muveke mawilo, mutsitse galimoto kuti kulemera kwake kukhale pa masipuling'i. Yezani kuchokera ku chesisi kufika ku dilamu mbali zonse mpaka zifanane. Yezaninso kuchokera pakati pa wilo la kutsogolo kufika pakati pa la kumbuyo, kumanja ndi kumanzere. Zikasiyana galimoto idzayenda chammbali n'kumatha matayala.

Tsopano mphuno ya difu. Pa propshaft wamba ya makolosi (mfundo zooneka ngati mtanda) kumapeto konse, fulanje ya difu iyenera kupendekeka mofanana ndi fulanje imene ikuyang'anizana nayo kutsogolo. Ambiri amalozetsa mphuno molunjika ku giyabokosi poganiza kuti ndiye kuwongola, ndipo zotsatira zake ndi kunjenjemera ndi makolosi kutha msanga. Foni zambiri zili ndi pulogalamu yoyezera kupendekeka, igonekeni pa fulanje zonse ziwiri. Siyani mphuno yotsikirapo digiri imodzi kapena ziwiri, chifukwa galimoto ikamakoka masipuling'i amapotoka ndipo mphuno imadzuka yokha.

Zikakhala bwino, chotsani waya wa batire, mugwirize mipando ndi timadontho ta welodi, kenako mutulutsenso difu kuti kuwotcherera kwenikweni kuchitikire kutali ndi thanki ya mafuta. Wowotcherera aziika pang'ono mbali iyi, pang'ono mbali inayo, kulola chitsulo kuzizira chokha. Akathamangitsa mzere umodzi wautali, kutentha kumakoka chubu n'kuchipinda, ndipo mwabwerera ku vuto lomwe munathawa lija. Waya wa ethi augwirize pa chubu pafupi ndi pamene akuwotcherera, osati pa habu kapena pa fulanje, kuti magetsi asadutse m'mabering'i. Ndikudziwa kuti kukweza ndi kutsitsa difu kawiri kumatopetsa, koma njira yachidule pano palibe.

Ma U-bolt akhale atsopano, a saizi ya chubu chatsopano. Akale anatamuka kale. Amangeni mopingasa, pang'onopang'ono, ndipo kumanga komaliza kuchitike galimoto itaima pa mawilo ake.

Propshaft yanga ikwanira?

Kawirikawiri sikwanira, poti mphuno ya difu yaikulu ndi yaitali. Galimoto ili pa mawilo, malo osololoka a propshaft atsale ndi mpata wolowa ndi wotuluka. Ikakhala yothina, pa bampu imakankha giyabokosi. Kuidula kapena kuitalikitsa si ntchito ya pakhomo. Ipite kwa a lathe amene angaiwongole ndi kuibalansa, ndipo makolosi a kumapeto awiriwo ayang'ane mofanana monga analili.

Mabuleki ndingolumikiza paipi basi?

Apa ndi pamene pali moyo wa anthu, makamaka kwa inu a matola. Masilinda a mabuleki a difu yaikulu amafuna fuluwidi wambiri, ndiye master cylinder yanu yaing'ono, pampu imene pedulo ya buleki imakankha, imatha kupangitsa pedulo kutsika kwambiri isanagwire. Ngati difu yatsopano ili ndi madisiki pamene yakale inali ya madilamu, kusiyanako kumakula. Pedulo ikakhala yakuya ngakhale mwatulutsa mpweya bwinobwino, pafunika master cylinder yogwirizana ndi difuyo.

Pikiapu zambiri zopanda ABS zili ndi valavu pa chesisi yolumikizidwa ku difu ndi kandodo kachitsulo. Imamva kulemera kwa katundu: galimoto ikatitimira imawonjezera mphamvu ku mabuleki a kumbuyo, ikakhala yopanda kanthu imachepetsa. Difu yatsopano sikhala ndi pogwira kandodoka, ndiye ena amangokamangirira ndi waya. Akakamangira m'mwamba, mawilo a kumbuyo amaloka galimoto ili yopanda katundu n'kutembenuka pa msewu wonyowa. Akakasiya kali lende, mumatsika mapiri a M14 ndi katundu wodzaza mabuleki a kutsogolo akugwira okha mpaka kupsa. Pangani bulaketi pa difu yatsopano kuti kandodoko kakhale pa msinkhu umene kanali.

Paipi ya labala yochokera ku chesisi ikhale yatsopano, yotalika mokwanira difu ikalendewera pansi. Fuluwidi akhale DOT 3 kapena DOT 4 monga palembedwera pa chivindikiro, wa m'botolo losatsegulidwa. Handibuleki igwire pa chitunda galimoto ili ndi katundu.

Nanga difu ya kutsogolo?

Pa Hilux zakale ngati LN106 ndi pa Land Cruiser 70, kutsogolo kuli difu yathunthu yonga ya kumbuyo. Pikiapu zatsopano zili ndi mawishiboni, wilo lililonse limayenda palokha. Kusandutsa zimenezi kukhala difu yathunthu kumakhudza chiwongolero ndi kudula chesisi. Pakhomo musayese.

A Road Traffic ndi a inshuwalansi zikuwakhudza?

Inde. Kulemera kololedwa kumene kunalembedwa pa kapuleti ka galimoto ndi m'mapepala ake sikusintha chifukwa mwasintha difu, ndipo apolisi a pamsewu amayendera zimenezo. Pitani ku ofesi ya Road Traffic mukafotokoze zimene mukufuna kuchita musanadule chitsulo chilichonse, poti galimotoyo idzafunikabe kupambana COF. A inshuwalansi auzeni mwa kalata. Ngozi ikachitika n'kupezeka kuti galimoto inasinthidwa iwo osadziwa, mwawapatsa chifukwa chokanira kulipira.

Ndamaliza kumanga. Ndingoyamba kunyamula katundu?

Yambani mwathira oyilo wa magiya wa GL-5, monga 80W-90 kapena 85W-90, mpaka afike pa bowo lothirira galimoto ili pamalo osalala. Difu ya LSD imafuna oyilo wolembedwa LSD, apo ayi imagogoda pokhota. Mabering'i a habu ya full-floating apakidwe girisi ndi kumangidwa mwa muyezo, ndi masili atsopano. Kabowo kopumira kaja kachotseni muikepo kapaipi kokwera mpaka pansi pa bodi, kukamwa kwake kutaloza pansi, kuti madzi a m'madambo asalowe.

Ulendo woyamba ukhale wopanda katundu, pa msewu wopanda anthu, masana. Pondani mabuleki pa liwiro lochepa muone ngati galimoto ikukokera mbali kapena kumbuyo kukuloka msanga. Onjezani liwiro pang'onopang'ono mukumvetsera. Kunjenjemera kobwera mukaponda mafuta n'kutha mukasiya kumaloza ku mphuno ya difu kapena ku propshaft. Mukayenda makilomita 10 imani, muyandikize dzanja pa mahabu ndi pa mutu wa difu. Kufunda n'kwabwinobwino, koma mbali imodzi ikatentha kuposa inzake, bering'i yathina kapena buleki ikugwira.

Kenako ikani theka la katundu mubwereze zonsezi. Manati a mawilo ndi a ma U-bolt amangeninso mukayenda makilomita 100 oyamba, ndiponso mukabwera ku ulendo woyamba wa katundu wodzaza, chifukwa masipuling'i amakhazikika ndipo manati amamasuka okha. Mukadali pansipo, walitsani tochi pa welodi ya mipando ndi pa chesisi kuseri kwa kabu. Kamzere kofiira ka dzimbiri kooneka ngati tsitsi ndi mng'alu umene wayamba, ndipo galimotoyo isasenzenso kanthu mpaka pakonzedwe.